Khoma Lomaliza la a Nkhuwa

Chaka chimene khonsolo inalengeza kuti kukubwera anthu odzayeza mtengo wa nyumba zonse za pa boma, anthu a pa Chadiza anasauka tsiku limodzi. Koma abale, anthu! Munthu amene dzulo lake ankadzitama pamsika kuti matailosi a m'nyumba mwake anachita kuitanitsa ku Lusaka, m'mawa mwake anayala mphasa zong'ambika pamwamba pa matailosiwo. Wina anatsitsa chimbale cha wailesi yakanema padenga n'kukachibisa m'khola la nkhuku. Winanso anandandalika mabeseni pabalaza kuti zizioneka ngati denga likudontha, pamene unali mwezi wa Ogasiti, mvula itaiwalika kalekale. Nkhani inali yoti nyumba ikaoneka yodula, msonkho wake wa pachaka, uja amati maleti, nawonso ukwera. Ndiye aliyense ankanyoza nyumba yake yomwe, manyazi ataika pambali.

Kupatula a Idesi, mkazi wamasiye wa malemu a Dominic Nkhuwa. Iwowa anadzuka m'mamawa, nagwada pakhonde ndi chitini cha polishi wofiira, n'kupukuta mpaka mawondo anachita dzanzi. Anachapa makatani, anasesa bwalo mpaka kumsewu, miyala ya m'mbali mwa kanjira anaipaka laimu.

A Mailesi, anansi awo a kuseri kwa mpanda, mayi amene pakamwa pawo sipankadziwa Sabata, anasuzumira n'kuwomba m'manja.

"Amake Lydia, kodi mutu uli bwino? Akubwerawa si alendo a ukwati ayi. Akubwera kudzatiwerenga nthiti. Tapakani matope pakhomapo, mwina angakumvereni chisoni!"

"Ndipake matope pa nyumba yomanga a Nkhuwa?" anayankha a Idesi osadzutsa n'komwe mutu. "Mnzanga, zimenezo kachiteni kwanu."

Kuti mumvetse yankho limeneli muyenera kuwadziwa a Nkhuwa. Anali mmisiri womanga nyumba, ndipo kuchokera pa boma mpaka ku Zemba, kuchokera ku Zemba mpaka ku Pembamoyo, kunalibe munthu wolankhula za njerwa osatchula dzina lawo. Anamanga makalasi, matchalitchi ang'onoang'ono a kumidzi, nyumba za aphunzitsi, masitolo. Anali munthu wosachedwa kupsa mtima, wovuta kugwira naye ntchito, chifukwa khoma likangokhota pang'ono chabe ankaligumula lonse, mwini nyumba akulira simenti yake. Chuma sanachipeze. Chimene anapeza ndi mbiri, ndipo mbiri imeneyo a Idesi ankaisamala kuposa thupi lawo lomwe.

Nyumba yawoyawo anaimanga kumapeto kwenikweni, monga achitira amisiri, omangira dziko lonse iwo akugona m'kanyumba kalendi. Anaimanga pang'onopang'ono, ndi mtedza wa kumunda kwawo ndi chiponde chimene a Idesi ankagulitsa pamsika. Chaka chino maziko, chaka chamawa balaza ndi kachipinda kakang'ono, chinacho malata. Koma pofika pa chipinda chachikulu chogona, cha kumbuyo, matenda a shuga anali atawadya maso a Nkhuwa. Manja anali akadali omwe aja, odziwa njerwa pongoikhudza, koma maso ankangoona chifunga.

Wina aliyense akanaitana mnzake kuti adzamalize. A Nkhuwa ayi. "Ndamangira anthu zaka makumi anayi, yanga andimangire wina? Anthu aziti chiyani?" Choncho anapangana mwachinsinsi ndi mkazi wawo. Anatchinga kumbuyo kwa nyumba ndi mpanda wa udzu kuti odutsa asamaone. A Nkhuwa ankayala njerwa ndi manja awo, a Idesi n'kukhala maso. Akamaliza mzere ankaika levulo pakhoma, kachitsulo kaja kokhala ndi madzi m'kati ndi kathovu kosonyeza ngati khoma lawongoka, n'kufunsa mkazi wawo, akuwaitana ndi dzina la mfunda wawo:

"ANambewe, kathovu kali pati?"

"Kali pakati, atate ake Lydia."

Poyamba zinali zoona. Kathovu kakathawa a Idesi ankanena, ndipo mkuluyo ankagumula mzerewo n'kuyambiranso, akutukwana njerwa, akutukwana mchenga, akutukwana shuga. Koma tsiku lina lotentha la Okutobala, atagumula katatu mzere umodzi womwewo, a Idesi anaona chinthu chimene anali asanachionepo zaka zonse za ukwati wawo. A Nkhuwa anakhala pansi pa mulu wa mchenga, mpeni womangira uli pamwendo, misozi ikutsika mwakachetechete m'maso osaona aja.

"Ndatha ine, aNambewe," anatero. "Ndatha ndili moyo."

Patapita nthawi anadzuka, nayalanso mzerewo kachinayi, naika levulo. A Idesi anawerama kuyang'ana. Kathovu kanali katathawira kumbali, koonekeratu ngakhale kwa mwana.

"Kali pakati," anatero a Idesi.

Mukanaona nkhope ya mkulu uja! Anaseka, nafuna tiyi, nayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi uku akusakaniza simenti. Kuyambira tsiku limenelo kathovu kankakhala pakati nthawi zonse. Khoma linakwera mzere ndi mzere, likupendekera kunja pang'onopang'ono, pakona lisanagwirane bwino ndi linzake, ndipo pulasitala anabisa zotsalazo. A Nkhuwa anagona m'chipindamo zaka ziwiri. Nthawi zina ankasisita khomalo ali pabedi n'kumati, "Ngakhale wopanda maso, Nkhuwa ndi Nkhuwa basi." Anamwalira akukhulupirira zimenezo.

Mvula yachiwiri atawaika m'manda, mng'alu unatseguka pakona paja, kuyambira kudenga mpaka pansi. Poyamba munkalowa chala, kenako dzanja lonse. Kuitana mmisiri kunali kosatheka, chifukwa mmisiri aliyense wa pa boma ankadziwa womanga nyumbayo. A Idesi anagula kathumba ka simenti ndi ndalama ya chiponde, namata okha ndi manja, koma mvula yotsatira zomatazo zinayoyoka zonse. Ndiye anakankhirapo kabati yaikulu ya zovala m'kati, kunja n'kuunjikako nkhuni mpaka kufika kumalata, nkhuni zimene sankasonkha ngakhale atasowa chophikira. Palibe ankadziwa. Ngakhale Lydia, mwana wawo yekhayo, wokwatiwa ku Chipata, sankadziwa.

Woyeza nyumba anafika dzuwa litakwera, bambo waulemu wovala chipewa, dzina lake Steward, atanyamula tepi ndi kamakina kolembamo. Anali atatopa ndi mabodza a m'mawa wonse. Kwa a Mailesi anali atangouzidwa kumene kuti chiswe chadya mitanda yonse ya denga, pamene mitanda yake inali yachitsulo. Atafika kwa a Idesi anapatsidwa mpando, madzi akumwa ndi mbale ya mtedza wokazinga, mpaka anadabwa ngati walowa nyumba yolakwika.

Anazungulira nyumba ndi tepi yake, nalambalala mulu wa nkhuni uja osauganizira kanthu. Analowa m'kati, nayang'ana siling'i, mazenera, zitseko, pansi posalala. Pakhomo la chipinda chachikulu anangosuzumira n'kubwerera, monga achitira munthu woleredwa bwino pa chipinda cha mayi wamkulu. Atatuluka anaima pakhonde.

"Amama, nyumbayi ili ndi vuto lililonse? Ming'alu, kudontha, chinyezi? Ndikufunsa chifukwa zimenezo timazilemba, ndipo zimatsitsa mtengo."

Anafunsa bwinobwino munthu uja, palibe angamunamizire. Koma pabwalo panali anthu. A Mailesi anali atatsamira mpanda, anansi ena ataima kumsewu, aliyense makutu ali tcheru. A Idesi anayang'ana anthuwo. Anadziwa kuti mawu amodzi okha akanawapepukitsira katundu, ndipo anadziwanso kuti mawu amenewo akanafika kumsika iwo asanatsuke mbale ya mtedza ija. Anakweza mawu kuti a kumsewu amve.

"Mwana wanga, ndinu mlendo kuno, ndiye ndikukhululukirani. Nyumba ino anamanga a Dominic Nkhuwa. Funsani aliyense. Maziko ake ndi amiyala, akuya kufika m'chiuno. Simenti sanaumire. Njerwa anasankha imodzi imodzi, yosalira bwino ankataya. Ino idzagwa dziko likadzatha."

"Ndaona, amama," anatero Steward akulemba. "Kunena zoona, mumsewu uno sindinaone yomangidwa bwino chonchi."

Tsiku limenelo a Idesi anayenda ngati mtsikana. Mawu a mlendoyo anawabwereza kwa aliyense, pamsika, kumphakati wa kutchalitchi, ngakhale kuchigayo kumene munthu samva mnzake. A Mailesi anangopukusa mutu. "Mwadzikumbira nokha dzenje, amake Lydia. Ine ndanena."

Itadutsa miyezi ingapo mndandanda unakhomedwa pa bolodi, ndipo makalata anayenda khomo ndi khomo. Tsiku limenelo pa boma panali maliro opanda mtembo. Aliyense msonkho unamukwerera, ngakhale a mabeseni aja. Koma wa a Idesi, mayo ine! Nyumba yawo inali pamwamba pa nyumba zonse za mumsewu wawo, kuposa ngakhale ya mwini sitolo ya zitsulo, munthu wa magalimoto awiri. Anapita kwa mphunzitsi wina kuti awawerengerenso kalatayo, poganiza kuti maso awanamiza. Sanawanamize. Ngakhale akanagulitsa mtedza wonse wa m'munda, osasiyako wa mbewu, n'kuwonjezapo chiponde cha chaka chonse, sakanakwanitsa. Ndipo si chaka chimodzi ayi, koma chaka ndi chaka mpaka imfa.

Pansi pa kalatayo panalembedwa kuti wosakhutira ali ndi masabata owerengeka oti akadandaule, ndipo oyeza adzabweranso kudzaona ngati pali chimene sichinalembedwe.

Lydia anakwera minibasi ya m'mawa kuchokera ku Chipata. Anali mayi wa ana atatu, wodya za makina osokera, mwamuna wake atachotsedwa ntchito, kotero chothandizira amake analibe. Anakhala pakhonde kalata ili m'manja, akuiwerenga kachitatu.

"Amama, musazitenge mwamasewera izi. Ku Lusaka apongozi a mnzanga anawatulutsira katundu panja chifukwa cha maleti omwewa. Mipando, firiji, bedi, zonse pa lole, anthu akuonerera. Mapeto ake nyumba anaigulitsa mosafuna. Tiyeni tiike munthu walendi. Kachipinda kakang'onoko sikangabweretse kanthu, koma chachikulucho, cha atate, namwino kapena mphunzitsi angalipire bwino. Inu musamukire m'kakang'ono."

"Ayi."

"Ndiye tigulitse, mubwere tizikakhala ku Chipata."

"Ayi." A Idesi ankadziwa kuti wogula nyumba amabwera ndi mmisiri wake, wogogoda khoma lililonse.

"Nanga mukufuna chiyani, amama? Ichi ayi, icho ayi. Kudandaulako, tikadandaula chiyani, poti munawauza nokha kuti nyumba idzagwa dziko likadzatha? A Mailesi andiuza zonse."

A Idesi anadzuka, namugwira padzanja mwana wawo ngati akadali wa sukulu, n'kulowa naye kuchipinda. Anatseka chitseko.

"Tandithandiza kukankha kabatiyi."

Anakankha awiri. Kuwala kwa dzuwa kunalowa pa mng'alu, kudzera m'mipata ya nkhuni za kunja, n'kugwera pabedi. Lydia anabwerera m'mbuyo dzanja lili pakamwa.

"Amama! Mumagona muno? Zaka zonsezi mumagona pansi pa chimenechi?"

A Idesi anamuuza zonse, za maso a atate ake, za mpanda wa udzu, za tsiku la Okutobala lija ndi bodza limene anayamba pamenepo. Lydia analira. Atatha kulira anapsa mtima, paja anatengera atate ake.

"Ndiye mukufuna khoma likupheni chifukwa cha mbiri ya munthu amene ali m'manda? Atate sakumva kanthu kumene aliko!"

"Ndikumva ndine," anatero a Idesi. "Atate ako sanasiye ng'ombe. Sanasiye ndalama kubanki. Anasiya dzina. Ndikadutsa pamsika anthu amati, awo ndi akazi a a Nkhuwa omanga aja, ndipo amandipatsa mpando. Ndinawanamiza ali moyo kuti asadzione otha. Lero ndikawavule pagulu ali m'manda? Ndikataya dzinalo nditsala ndi chiyani?"

"Mutsala ndi nyumba, amama. Mukakana, mutaya zonse ziwiri. Odzalanda katundu adzayamba ndi kunyamula kabati yomweyi."

Apa khoswe anali atakhala pamkhate.

Masiku asanu a Idesi sanapite kumsika. Mtedza wokazingakazinga unangokhala m'lichero osasinjidwa. Tsiku lina anayenda wapansi kukafika ku sukulu ina imene mwamuna wawo anamanga ali mnyamata, naima kunja kwa mpanda kuyang'ana makona ake, owongoka mpaka lero, ana akuimba m'kati. Anabwerera miyendo itatupa. Anapemphera kolona, anafunsa malemuwo mumtima kuti atani, koma akufa sayankha za maleti.

Tsiku lomaliza lodandaula anavala chitenje cha kutchalitchi, napita ku ofesi limodzi ndi Lydia. Mzere unali wautali, aliyense ali ndi dandaulo lake, wina akuti nyumba yake ili pafupi ndi bala, wina akuti msewu wake ndi wa fumbi. Itafika nthawi yawo kalaliki anafunsa chifukwa chodandaulira. Lydia anatsegula pakamwa, koma amake anamugwira pabondo.

"Ndinena ndekha. Lembani kuti khoma la kuchipinda ndi lokhota, ndipo lang'ambika."

"Lang'ambika pang'ono kapena kwambiri, amama?"

"Kwambiri."

"Nanga oyeza atabwera simunanene bwanji?"

"Lembani zomwe ndanenazo, bambo." A Idesi anasaina, ndipo potuluka sanayang'ane munthu kumaso.

Pa boma nkhani siyenda ndi miyendo, imauluka. Tsiku limene Steward anabweranso, atatsagana ndi mayi woyang'anira zomangamanga wovala nsapato zazikulu za kuntchito, bwalo la a Idesi linadzaza ngati pali ukwati. Anabwera a mumsewu, anabwera a kumsika, anabweranso amisiri. Pakati pawo panali a Fulansisi, mmisiri wachikulire amene anagwirapo ntchito pansi pa a Nkhuwa zaka zambiri, ndipo makoma ake ogumulidwa anali asanawaiwale ndi limodzi lomwe.

Amuna anayamba kuchotsa nkhuni. Zinali zouma gwa, zina zitafumbwa, akangaude akuthawa. Mulu utatsika, khoma linaonekera poyera, litatupa pakati, litapendekera kunja ngati munthu woledzera, mng'alu uli yasa pakona. Anthu anati "Aaa!" pamodzi.

Mayi woyang'anira uja anaika levulo yake, nayang'ana, nalowetsa mkono mumng'alu mpaka pachigongono. Anatembenuka nkhope itasintha.

"Muno musagonenso munthu, ngakhale lero. Chipinda ichi chigumulidwe mvula isanagwe, chisanaphe munthu. Anamanga ndani zimenezi?"

Steward anayang'ana pansi. Amene anayankha anali a Fulansisi, ndipo anayankha ndi phwete.

"Anamanga a Nkhuwa! A Nkhuwa omwe aja ankatigumulitsa makoma, n'kutidula malipiro, n'kutitchula mbuzi pamaso pa akazi athu! Hehede! Kani kwawo ankamanga zoterezi?"

A Idesi anatuluka pakati pa anthu, naima kutsogolo kwa khomalo ngati akufuna kulibisa ndi thupi lawo laling'onolo.

"Tamverani, abale anga. Wolakwa ndine. A Nkhuwa pomanga chipinda chino sankaona. Ndinkawawerengera levulo ndine, ndipo ndinawanamiza. Akanadziwa akanagumula, mukuwadziwa nonse. Nenani ine. Iwo asiyeni agone."

Ananena mokweza, kawiri konse. Koma ndani amamvera mbali yachiwiri ya nkhani, yoyambayo ili yokoma chonchi? Ena anati mayiyo akungoikira kumbuyo mwamuna wake monga achitira akazi abwino. Ena, ndipo awa ndiwo anabaya mtima wa a Idesi, anayamba kunong'onezana kuti ngati mkuluyo ankamanga osaona, ndani akudziwa kuti anayamba liti kusaona? Mwina ndi makalasi aja ndi chimodzimodzi. Mwina ndi tchalitchi cha ku Zemba. Mawu amene mayiyo ananena kuti apulumutse dzina ndi omwewo anawonjezera nkhuni pamoto.

Amene anathetsa msonkhanowo anali a Mailesi. Anatuluka kwawo ndi tsache m'manja, chitenje atamanga m'chiuno.

"Chokani pano, afisi inu! Mwadzaonerera chiyani? Inu a Fulansisi, chimbudzi munamanga kwa achemwali anga chija sichinagwe ndi mbuzi yomwe? Tiyeni, kwanu!"

Anthu anabalalika akuseka, ndipo kusekako anapita nako. Steward anatsalira pang'ono, chipewa chili m'manja.

"Amama, ndinakufunsani tsiku lija."

"Munandifunsa, mwana wanga. Inu mulibe mlandu."

Loweruka amuna a kumphakati anabwera ndi nyundo. Anayamba ndi pemphero, nakanganula malata a chipindacho, ndipo khoma silinavute n'komwe, linangofuna kulikankha. A Idesi anaima poteropo fumbi likuwagwera kumutu, osasuntha. Khomo lolowera m'chipindamo analitseka ndi njerwa zomwezo, ndipo bedi analilowetsa m'kachipinda kakang'ono, momwe linakwana movutikira. Amunawo anali aulemu, koma a Idesi anaona mmene ankagogodera makoma enawo mwakabisira, kuona ngati nawonso ndi otero. Anali owongoka onse, koma zimenezo palibe anakazinena kumsika.

Kalata yatsopano itabwera, msonkho unali utatsika kwambiri. Nyumba ya chipinda chimodzi ndi balaza si nyumba yodula. Matumba ochepa a mtedza akanakwanira, mbewu n'kutsala. Lydia anavina pabalaza kalata ili m'mwamba.

"Mwaona, amama? Nyumba yapulumuka! Anthu alankhula sabata imodzi, aiwala. Pa boma pano nkhani sizichedwa kuzizira."

Anakwera minibasi kubwerera kwa ana ake mtima uli m'malo. A Idesi nawo anayesa kukhulupirira. Anabwerera kumsika ndi mabotolo awo a chiponde. Anthu ankawapatsabe moni, ankagulabe, kungoti tsopano ankati "amake Lydia" basi, zija za akazi a a Nkhuwa omanga aja zinangozimiririka. Anadziuza kuti ndi ulemu chabe, anthu sakufuna kuwakumbutsa.

Mvula inagwa, inatha, mtedza unakumbidwa. Itakwana nthawi yolipira, a Idesi anapita ku ofesi, nalipira zonse kamodzi, nalandira lisiti n'kulimanga pansonga ya chitenje. Pobwerera anadzera kumsika kuti agule mchere. Kumapeto kwa msika amuna awiri ankamanga kasitolo. Anali achilendo onse, obwera chaka chomwecho kudzafuna ntchito pa boma. Wamkuluyo anabwerera m'mbuyo, natsinzina diso limodzi kuyang'ana kona, n'kukuwa:

"Iwe, gumula pamenepo! Ukufuna utimangire chinkhuwa?"

Amayi ogulitsa tomato anaseka chikhakhali. Mmodzi atawaona a Idesi anatsina mnzake, kuseka n'kuduka. Koma a Idesi anali atamva. Anayandikira pang'onopang'ono, naima pafupi ndi wilibala.

"Odi, bambo. Mawu mwanenawo, chinkhuwa, ndiye kuti chiyani?"

Bamboyo anapukuta thukuta, nawayankha mwaulemu ndithu.

"Aa, amama, ndi kanenedwe chabe ka amisiri kuno. Khoma lokhota. Akuti kunali mkulu wina pa boma pano, Nkhuwa, ankamanga zopotoka zokhazokha. Ife tinangopeza anzathu akunena."

"Munamuona munthuyo?"

"Ayi, amama. Akuti anafa."

A Idesi anafuna kulankhula. Anafuna kumugwira padzanja bamboyo, amutengere ku Zemba akaone tchalitchi chimene chaima zaka makumi atatu popanda mng'alu, amutengere ku Pembamoyo, amuonetse ngakhale sitolo yomwe inali kumbuyo kwakeyo, imene makona ake anayala ndi a Nkhuwa. Anafuna kunena kuti khoma lokhota linali limodzi lokha, ndipo analikhotetsa ndi iwo eni, a Idesi, chifukwa chomukonda munthu. Koma bambo uja anali atatembenuka kale akusakaniza simenti, ndipo mnzake ankagumula kona ija akuseka.

Mchere sanagule. Anayenda mpaka kunyumba osaona kumene akuponda, nafika pa nyumba yawo imene panalibenso woilanda. A Mailesi anawapeza atakhala pansi pakhomo la khitchini, dzuwa lili pamutu, akulira mokweza, kulira kumene sanalire ngakhale tsiku loika maliro, chifukwa tsiku lija anaika thupi lokha.

A Mailesi anatsegula pakamwa, natsekanso. Anayala chitenje pansi n'kukhala pambali pawo.